Njovu ya pa Mukuni Park ndi lamulo la mipikisano yolemba nkhani

Abale ndi alongo amene munayendapo pa Mukuni Park, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya pakati pa tauni ya Livingstone, mukudziwa mmene msika wa ziboliboli ulili. Mukayenda kuchokera pa kashopu koyamba mpaka kotsiriza mumaona zinthu zofanana: njovu, mvuwu, nyamalikiti, mbale za mlombwa, ng'oma ndi madengu. Malowa ndi akale, pa nthawi ya atsamunda ankatchedwa Barotse Gardens. Palibe amene amaloza mnzake chala kuti wamubera njovu, chifukwa njovu ndi ya tonse. Komanso si wogulitsa aliyense amene anasema yekha zimene wayala. Ena amakapikula kwa amisiri a kumudzi kwa Mfumu Mukuni ndi kwina, ndipo palibe cholakwika, pakuti wogula amangofuna chinthu chokongola pa mtengo umene agwirizana.

Tsopano tiyerekeze kuti kwabwera mpikisano wofuna kupeza mmisiri wodziwa kusema kuposa anzake. Apa funso lasintha. Oweruza sakufunsanso ngati njovuyo ndi yokongola chabe, akufunsa kuti kasemasema anali m'dzanja la yani. Wobweretsa njovu yopikula wanama, ngakhale anaigula ndi ndalama zake.

Tayamba ndi chitsanzo chimenechi chifukwa achinyamata ambiri m'mipingo yathu ayamba kutumiza nkhani ndi ndakatulo zawo ku mipikisano, ambiri kudzera pa foni, ndipo pali lamulo limodzi limene limawagwetsa asanawerengedwe n'komwe. Lamulolo limati nkhani ikhale yanuyanu, ndiponso ikhale yatsopano, yoti sinatulukepo kwina. Ambiri timaliwerenga mothamanga ngati mfundo imodzi, pamene ndi mfundo ziwiri zosiyana, ndipo munthu akhoza kukwaniritsa imodzi n'kugwa pa inayo.

Tiyambe ndi yoyamba, yoti nkhani ikhale yanu. Sikuti mupeze mutu umene munthu wina sanauganizepo chilengedwere dziko. Mutu wotero kulibe. Mwana wamasiye wolandidwa katundu ndi achibale, mnyamata wopita ku Johannesburg kukasaka ntchito, mayi wogulitsa tomato kuti mwana apite ku sukulu, zonsezi zalembedwapo ndipo zidzalembedwabe, monga mmene njovu idzasemedwerabe pa Mukuni Park. Chimene chiyenera kukhala chanu ndi mawu, kayalidwe ka nkhani, anthu ake ndi mmene akulankhulira. Ngakhale lamulo la dziko limaona choncho. Lamulo la Zambia loteteza ntchito za olemba ndi oimba, la chaka cha 1994, limateteza zimene munthu walemba kwa moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, koma silipatsa munthu umwini wa ganizo lenilenilo. Komatu mpikisano umakhwimitsa kuposa lamulo. Nkhani ya munthu amene anamwalira zaka 100 zapitazo mukhoza kuisindikiza osamangidwa, koma simungaitumize ku mpikisano ndi dzina lanu.

Nanga nthano za agogo? Funso limeneli limativuta ife kuposa azungu, chifukwa tinakulira m'mwambo woti nkhani imayenda kuchokera pakamwa kupita pakamwa, ndipo palibe amene amati Kalulu ndi wake. Achikulire mukukumbukira malemu Julius Chongo ndi pologalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia. Nkhani zake zambiri zinali ndi mizu m'nthano za kumudzi, koma ankaziumbanso mpaka womvera ankazindikira kuti uyu ndi Chongo ngakhale asanamve dzina. Kumeneko ndiye kulemba. Koma kutenga nthano m'buku la kusukulu, n'kusintha Kalulu kukhala Chikondi ndi mudzi kukhala komboni, ziganizo zili zomwezo, ndi kukopera basi. Chimodzimodzi kumasulira. Nkhani ya munthu wina ya m'Chingerezi mukaiika m'Chinyanja mwagwira ntchito yolemekezeka ya womasulira, koma mwini nkhani sanasinthe.

Tisaganize kuti amapunthwa pa zimenezi ndi ana a sukulu okha. Mu 2019 akuluakulu a Caine Prize, imodzi mwa mphoto zotchuka kwambiri za olemba nkhani zazifupi a mu Afirika, anachotsa nkhani ya mlembi wina wachinyamata wa ku Nigeria pa mndandanda wa asanu omaliza, atapeza kuti sanatchule nkhani ya mlembi wina imene yake inatsamirapo kwambiri. Dzina lake sitilitchula pano, pakuti cholinga chathu si kumuchititsa manyazi kachiwiri. Chotikhudza n'chakuti mnyamatayo anali ndi luso loti akanatha kuima payekha, ndipo zinaululika iye atatamandidwa kale, dzina litafika kutali.

Pali chinthu china chimene chimachitika m'nyumba zathu zomwe, ndipo chimachokera m'chikondi. Mwana walemba nkhani, wapita nayo kwa amalume ake amene ndi aphunzitsi kuti aione. Amalume akonza kalembedwe ka mawu, bwino ndithu. Kenako aona kuti chiyambi n'chofooka, alembanso. Mathero nawonso sanawakomere, asintha. Pofika madzulo mwana akuwerenga nkhani imene sakuizindikira. Mmisiri akhoza kupempha mnzake kuti amuthandize kukwecha njovu ndi sandipepa kapena kuipaka polishi, koma mnzakeyo akatenga kasemasema n'kuyamba kuumba chitamba, njovu yakhala ya awiri. Makolo, aphunzitsi a Sande Sukulu ndi atsogoleri a achinyamata, muuzeni mwana pamene nkhani yake ikutsimphina, koma cholembera mumusiyire. Ife timaona kuti nkhani yofooka ya mwana mwiniwake imamupindulitsa kuposa mphoto yopata ndi dzanja la amalume, chifukwa chaka chamawa amalume sadzakhalapo nthawi zonse.

Masiku ano amalume ena ali mu foni. Chiyambire pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022, munthu akhoza kulamula kompyuta kuti imulembere nkhani m'kanthawi kochepa. Mu February 2023 magazini ina ya ku America yotchedwa Clarkesworld inatseka kwa kanthawi kulandira nkhani chifukwa inadzazidwa ndi zolembedwa ndi makina. Mipikisano yambiri tsopano imaikapo mfundo yake pa nkhani imeneyi, koma ngakhale pamene sanatchule, funso la dzanja lija likadalipo.

Mfundo yachiwiri ndi imene imagwetsa anthu oona mtima. Nkhani ndi yanu ndithu, munaivutikira nokha usiku, koma munaitulutsapo kale kwina. Bwanji oweruza akuikana? Zifukwa zake n'zomveka. Mipikisano yambiri imaweruza popanda kuona dzina la wolemba, kuti wodziwika ndi wosadziwika ayambire pa mzere umodzi. Nkhani ikakhala kuti inatuluka kale, woweruza akhoza kuizindikira. Chachiwiri, okonza mpikisano amafuna kukhala oyamba kuionetsa ku dziko, ndipo nthawi zambiri amakhala atapangana kale ndi wosindikiza. Opambana m'zigawo za Commonwealth Short Story Prize, mwachitsanzo, nkhani zawo kwa zaka zambiri zinkatuluka pa tsamba la magazini ya Granta. Chachitatu, mpikisano umakhalapo kuti anthu alembe zatsopano, osati nkhani imodzi yabwino izingozungulira n'kumatola mphoto paliponse.

Mpikisano wa Commonwealth umenewu ndi woyenera kuudziwa. Kulowa n'kwaulere, nkhani imakhala ya mawu 2,000 mpaka 5,000, wopambana m'chigawo amalandira mapaundi 2,500 ndipo wopambana onse mapaundi 5,000. Mu 2019 chigawo cha Afirika anapambana ndi mayi wa kuno kwathu, Mbozi Haimbe, ndi nkhani yake Madam's Sister. Kuno ku Zambia tilinso ndi Kalemba Short Story Prize, imene woyamba kuilandira anali Mali Kambandu mu 2018, ndipo chaka chotsatira Mubanga Kalimamukwento. Koma taonani kusiyana kwake ndi Caine Prize ija, imene Namwali Serpell anapambana mu 2015 n'kugawana ndalama zake ndi anzake anayi amene anafika nawo kumapeto. Iyo imafuna nkhani yosindikizidwa kale, ndipo amaitumiza ndi wosindikiza, osati wolemba. Nkhani imene khomo lina laitsekera chifukwa inatulukapo, khomo lina limaifuna pa chifukwa chomwecho. N'chifukwa chake sitingadalire zimene mnzathu anatiuza za mpikisano wa chaka chatha. Malamulo a mpikisano uliwonse awerengedwe paokha.

Vuto limakhala pa tanthauzo la kutulutsa. Buku, nyuzipepala ndi magazini n'zodziwikiratu. Koma nkhani yoikidwa pa Facebook, mipikisano ina imaiona ngati yatuluka, ina imaikhululukira ikakhala pa tsamba la mwini wake. Ndakatulo imene munalakatula pa msonkhano wa achinyamata kapena pa ukwati nthawi zambiri siiwerengedwa ngati yosindikizidwa, koma wina akaijambula n'kuiika pa YouTube zinthu zikhoza kusintha. Ndipo apa tidzinene tokha: kalata ya mpingo ngati inoyi, popeza ili pa intaneti ndipo aliyense akhoza kuiwerenga, ndi kusindikiza ndithu. Timakondwa achinyamata akatitumizira zolemba zawo, koma ngati muli ndi nkhani imene mukuisungira mpikisano, musaipereke kuno kapena ku nyuzipepala ya sukulu zotsatira zisanatuluke. Kuifafaniza pa intaneti tsiku lotumiza sikuibwezera kukhala yatsopano. Ngati mukukayika, lemberani okonza mpikisano, muwauze poyera pamene inatulukira, iwo ndiwo anene.

Funsaninso ngati amalola kutumiza nkhani imodzi ku mipikisano iwiri nthawi imodzi. Ena amalola bola muwadziwitse msanga ikapambana kwina, ena salola n'komwe.

Chomaliza n'chokhudza umboni. Pamene mmisiri wasemera pamakhala utuchi ndi tizibanthu ta mtengo, ndipo wokayika akhoza kupita kukaona. Wolemba nayenso asunge zake: kope limene anayambiramo, mapepala ofufutafufuta, mafailo akale okhala ndi masiku ake. Zimenezi zimamuteteza akaganiziridwa kuti wakopera, komanso tsiku limene wina adzatenge nkhani yake n'kuikapo dzina lina. Amene mukufuna kuyesa mpikisano wa Commonwealth, nkhani zimalandiridwa kuyambira pa 1 September mpaka pa 1 November chaka chilichonse, ndipo nkhani yolembedwa m'Chinyanja ikhoza kulowa itamasuliridwa m'Chingerezi, dzina la womasulira litatchulidwa.