N'chifukwa chiyani zilembo zimasintha zikafika papepala?

Khutizani chipeso pa tsitsi louma, kenako muchiyandikitse ku tizidutswa ta pepala. Timadumphira pa chipesopo, eti? Printer ya laser imagwiritsa ntchito mphamvu yomweyo, static electricity yathu ya mu Fizikisi ija.

M'kati mwake muli drum imene imapatsidwa chaji ponseponse. Kuwala kwa laser kumayenda pa drum-yo mzere ndi mzere, ndipo pamene kwagunda, chaji imachokapo. Toner, womwe si inki koma ufa wosalala wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto, amamatirira pamalo amenewo okha. Ufawo umasamukira papepala, kenako pepalalo limadutsa pa ma roller otentha pafupifupi madigiri 200 amene amausungunula. N'chifukwa chake limatuluka lofunda. Nzeru imeneyi anayambitsa ndi Gary Starkweather wa ku kampani ya Xerox, ndipo mu 1984 HP inatulutsa LaserJet yoyamba.

Tsono vuto linali pakati pa printer ndi kompyuta za m'nyumba za nthawiyo. Macintosh ya 1984 inkaonetsa timadontho 72 pa inchi. LaserWriter ya Apple ya 1985 inkasindikiza timadontho 300. Tawerengetsani pa sikweya inchi imodzi: 72 × 72 ndi 5,184, pamene 300 × 300 ndi 90,000. Kuposa maulendo 17! Zilembo za pakompyutapo zinali zojambulidwa kadontho ndi kadontho, ndiye zikakuzidwa kuti zipite papepala, m'mphepete mwake munkaoneka ngati masitepe.

Njira imene anapeza inali yosinthanitsa. Ukalemba ndi font ya Geneva, printer inkaikapo Helvetica. New York inkasanduka Times. Monaco inkasanduka Courier. Zilembo zinkatuluka zosalala ndithu, koma m'lifupi mwake munkasiyana ndi za pa sikirini, moti mipata ya pakati pa mawu inkaoneka yachilendo.

Chimene ine chimandisangalatsa n'chakuti yankho lenileni linachokera ku masamu. PostScript, chinenero cha makompyuta cha kampani ya Adobe, sichisunga chilembo ngati timadontho. Chimasunga mizere ndi ma curve ozungulira chilembocho, ndipo printer imawerengetsa yokha timadontho tofunika pa kukula kulikonse. Ntchitoyi inali yolemetsa moti processor ya mu LaserWriter inali yothamanga kuposa ya mu Macintosh imene inkaitumizira ntchito. Mu 1991 Apple inabweretsa TrueType, kuti font imodzi izigwira ntchito pa sikirini ndi papepala pomwe.

Komabe vutoli silinatheretu. Mwalemba project yanu pa kompyuta yakale ya kunyumba, mwaika pa flash, mwapita kokasindikiza. Ngati kompyuta ya kumeneko ilibe font yanu, isankha ina mwakachetechete. Mizere isuntha, tebulo liduka pakati, masamba 10 akhala 11, ndipo masamba mulipira ndinu. Ife a Chichewa tili ndi lina lapadera: chilembo cha ŵ, cha mu "Malaŵi", mulibe m'ma font ambiri akale, ndiye pamalo pake pamatha kutuluka kabokosi.

Ine ndimauza ophunzira anga zinthu ziwiri. Sankhani font yopezeka paliponse monga Arial kapena Times New Roman. Ndipo musanachoke pakhomo, sungani ntchito yanu ngati PDF, chifukwa PDF imatha kunyamula ma font m'kati mwake. Muitsegule kaye, muone ngati ŵ wanu alipo.