MWINI WAKE WA MANKHWALA NDANI?

Tikapita ku chipatala timalandira mankhwala, kapena amatijambula pachifuwa, koma kaŵirikaŵiri sitifunsa kumene nzeru zimenezi zinachokera. Munthu kapena kampani ikatulukira mankhwala kapena makina atsopano, boma limapereka chikalata chotchedwa patenti. Chikalatachi chimaletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo cha mwini wake, masiku ano kwa zaka 20. Cholinga chake nchakuti amene anataya chuma ndi nthaŵi pofufuza apeze phindu la thukuta lake. Komabe lamulo lomweli nthaŵi zina latsekera amphaŵi kunja.

Mu 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira kuŵala kwa X-ray, kumene kumapyola mnofu ndi kuonetsa mafupa. Iye sanafune kutenga patenti, ndipo chisanathe chaka madokotala a maiko ambiri anali atayamba kujambula odwala ao. Anthu a mtima wotere ngoŵerengeka. Makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi zigawozigawo, amene Godfrey Hounsfield anapanga ndi kuyesa pa wodwala woyamba ku London mu 1971, anali ndi patenti ya kampani ya EMI.

Pa mankhwala, tikumbukire Mayi Gertrude Elion a ku New York. Agogo ao aamuna anamwalira ndi khansa iwo ali ndi zaka 15, ndipo chisoni chimenecho chinaŵakokera ku maphunziro a sayansi. Pogwira ntchito ndi George Hitchings ku kampani ya Burroughs Wellcome, anapanga mercaptopurine, mankhwala amene mpaka lero akuthandiza ana odwala khansa ya m'magazi. Gulu lao linakonzanso acyclovir, mankhwala olimbana ndi kachirombo koyambitsa mashingozi. Dzina la mayiŵa lili pa mapatenti 45, ndipo mu 1988 analandira mphotho ya Nobel.

Kampani yomweyo ndiyo inatulutsa AZT mu 1987, mankhwala oyamba ovomerezeka olimbana ndi HIV. Mtengo wake unali pafupifupi madola 10,000 pa chaka kwa munthu mmodzi. Pofika chaka cha 2000, mankhwala atatu ophatikiza anali akadali pa mtengo wonga womwewo. Odwala a maiko olemera anadzuka nabwerera ku ntchito, pamene ife kuno tinali kuyika maliro tsiku ndi tsiku.

Zinthu zinasintha mu 2001. Kampani ya Cipla ya ku India, kumene lamulo la nthaŵiyo silinkaletsa kupanga mankhwala a eni ake mwa njira ina, inalengeza mtengo wa madola 350 pa chaka. M'mwezi wa November chaka chomwecho maiko anagwirizana ku Doha kuti patenti isatsekereze boma kuteteza moyo wa anthu ake. Mu 2004 Malaŵi anayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo makolo ambiri amene akanasiya ana amasiye alera okha ana ao.

Wofufuza ayenera kupindula, pakuti popanda iye mankhwalawo sakadakhalapo. Wodwala nayenso ayenera kuchira, pakuti anapangira iyeyo. Achinyamata athu, limbikirani sayansi kusukulu. Makolo, musaŵagwetse mphwayi, makamaka atsikana. Ndipo ena a inu mukadzatulukira chatsopano, mudzafunse msanga: kodi agogo a kumudzi adzatha kuchigula?