Tinthu tosaoneka ndi maso pankhondo yolimbana ndi khansa ya pakhungu

Mwezi wa Okutobala ku Domasi dzuwa silicheza. Ikamati 9 koloko m'mawa, phula la msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde limakhala litatentha kale, anyamata a kabaza thukuta lili kamukamu, amayi ogulitsa pa Songani akulimbirana mthunzi. Kwa ambiri a ife, dzuwa lotere n'longotopetsa basi. Timwa madzi, tidandaula pang'ono, tsiku latha.

Koma kwa mtsikana wachialubino amene akuyenda wapansi kupita kusukulu, kapena mnyamata wachialubino amene wawerama tsiku lonse m'munda wa mpunga kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, nkhani yake ndi ina. Khungu lawo lilibe melanin wokwanira, chinthu chomwe chimadetsa khungu n'kuliteteza ku cheza cha dzuwa. Vuto limayamba ngati kachigamba kokhakhala pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena kuseri kwa dzanja. Kenako kamasanduka kachilonda kosapola. Kakalekereredwa, ndi khansa imeneyo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino 134,636. Timamva zambiri za zigawenga zomwe zimawachita chipongwe, koma khansa ya pakhungu imatenga miyoyo yawo mwakachetechete, ambiri akadali achinyamata. N'chifukwa chake nkhani ya sayansi yotchedwa nanotechnology, ngakhale imamveka ngati ya ku Ulaya, ikutikhudza ife tomwe.

Kodi nano n'chiyani?

Tengani mita imodzi, muigawe magawo 1,000,000,000. Gawo limodzi pamenepo ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la pamutu panu n'lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Tinthu timene asayansi amatitcha nanomaterials nthawi zambiri timakhala pakati pa nanomita 1 ndi 100. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi imagwira ntchito ndi tizipangizo tomwe timayezedwa ndi muyezo umenewu.

Nanga kuchepako kuli ndi phindu lanji? Amayi kukhitchini amadziwa kale yankho. Mchere wamibulu umachedwa kusungunuka m'ndiwo, pomwe wosinja umakolera nthawi yomweyo. Mchere wake ndi womwewo, koma ukasinjidwa, mbali zake zokhudzana ndi msuzi zimachuluka. Siliva, golide kapena mankhwala akaphwanyidwa kufika pa nano, amachita chimodzimodzi: pang'ono pokha pamagwira ntchito yaikulu, ndipo nthawi zina khalidwe lake limasinthiratu. Golide wa nano, mwachitsanzo, akakhala m'madzi saoneka wachikasu ayi, amaoneka wofiira.

Nano wina ali kale m'botolo la mafuta

Eetu, mwina mudamugwirapo kale osadziwa. Mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa amakhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, zomwe zimatchinga cheza choopsa kuti chisalowe pakhungu. Mafuta akale a mtundu umenewu ankasiya nkhope ili mbuu ngati munthu wachokera kuchigayo. Wachinyamata ndani angafune kupita kukalasi ali choncho? Opanga atayamba kupera zinthuzi kufika pa nano, mafutawo adayamba kuyenderera bwino pakhungu osasiya kuyera kwambiri, chitetezo chili chomwecho. Kafukufuku wasonyezanso kuti pakhungu lopanda bala tinthuti timatsalira pamwamba, sitilowerera m'thupi.

Zimenezi si nkhani ya kutchena chabe. Mafuta amene munthu sachita nawo manyazi ndi amene amadzola tsiku ndi tsiku. Mu 2025 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika mafuta oteteza ku dzuwa pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, zomwe anthu achialubino akhala akumenyera kwa zaka zambiri. Kuno kwathu bungwe la anthu achialubino la APAM lakhala likukumbutsa boma kuti mafutawa asamasowe m'zipatala, ndipo bungwe la Standing Voice limachititsa zipatala zoyendayenda zoyeza khungu m'maboma angapo, kuphatikizapo Machinga, amene achita malire ndi Zomba kufupi ndi Domasi.

Bandeji yopha tizilombo

Tsopano za zilonda. Miyezi ya Juni ndi Julayi kukazizira mphepete mwa phiri la Zomba ndi Malosa, mabanja amaunjikana pa mbaula, ndipo ana aang'ono ndi anthu odwala khunyu ndi amene amapsa kawirikawiri. Palinso zilonda za kumapazi za odwala matenda a shuga, ndi mabala otsala munthu akachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa. Mdani wamkulu wa mabala onsewa ndi tizilombo toyambitsa mafinya.

Siliva amapha tizilombo timeneti, ndipo azachipatala adadziwa kalekale. Mankhwala opaka a silver sulfadiazine akhala akugwiritsidwa ntchito pa mabala a moto kwa zaka zambiri, koma vuto lake bala liyenera kutsukidwa ndi kumangidwanso pafupipafupi. Amene adamvapo mwana wopsa akulira pomumasula bandeji akudziwa ululu wake.

M'zaka za m'ma 1990, wasayansi wa ku Canada, Robert Burrell, adapanga bandeji yokutidwa ndi siliva wa nano, yomwe imagulitsidwa ndi dzina loti Acticoat. Siliva wake amatuluka pang'onopang'ono, choncho bandeji imodzi imatha kukhala pabala masiku atatu, mtundu wina mpaka asanu ndi awiri. Ganizirani mayi wochokera kumidzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa amene amalipira njinga ulendo uliwonse wokamangitsa bala la mwana wake. Kuchepetsa maulendowo n'kupulumutsa ndalama ya ndiwo. Chokhumudwitsa n'chakuti mabandeji amenewa ndi okwera mtengo, sapezeka wamba.

Kufikitsa mankhwala pamene pali chotupa

Mankhwala a khansa ali ngati moto wolusa kutchire: amaotcha udzu woipa ndi wabwino womwe. Nzeru ya nano ndi yokulunga mankhwalawo m'timatumba ta mafuta tochepetsetsa kuti ambiri akatsikire pachotupa.

Chitsanzo chake chikutikhudza kwambiri Amalawi. Khansa ya Kaposi, yomwe imaoneka ngati zigamba zakuda kapena zotupa pamiyendo ndi m'kamwa makamaka kwa anthu omwe ali ndi HIV, ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'dziko muno. Mu 1995 dziko la America lidavomereza mankhwala otchedwa Doxil ochizira khansa imeneyi. Ndi mankhwala akale a doxorubicin, koma atatsekeredwa m'timatumba ta mananomita pafupifupi 100. Mitsempha ya magazi yodyetsa chotupa imakhala yothonya, ndiye timatumbati timadutsira pamenepo n'kuunjikana m'chotupamo. Mtima, umene doxorubicin wamba amauvulaza, umatetezekako. Koma nawonso mtengo wake ndi wosayamba, choncho madokotala kuno amadalira ma ARV pamodzi ndi mankhwala ena a khansa monga paclitaxel.

Pa zigamba zokhakhala zija, zomwe zimatsogolera khansa, ku Ulaya adavomereza mu 2011 mankhwala opaka otchedwa Ameluz, opangidwa ndi timadontho ta nano tothandiza kuti alowerere pakhungu. Akapaka, amaunikapo nyali yofiira ndipo maselo odwalawo amafa. Palinso kafukufuku wolowetsa golide wa nano m'chotupa n'kumutenthetsa ndi kuwala kuti aphike maselo a khansa, koma ameneyu akadali poyeserera.

Chenjerani ndi a malonda

Mawu oti nano akamveka, ochenjera nawo salephera kupezerapo mpata. Mukaona pa WhatsApp kapena Facebook wina akugulitsa madzi a siliva akumwa kapena mafuta a nano oti amachiza khansa, sungani ndalama zanu. Kumwa siliva sikuchiza khansa, ndipo kwa nthawi yaitali kumasintha khungu kukhala lotuwa mobiriwira mpaka kalekale. N'zoona kuti asayansi m'maiko ambiri akuyesa kupanga siliva wa nano pogwiritsa ntchito masamba a cham'mwamba ndi nimu, mitengo yomwe tili nayo kuseri kwa nyumba, koma zimenezo n'za mu labotale. Sizikutanthauza kuti musinje masamba n'kumata pachilonda.

Tichite chiyani lero?

Pamene tikudikira kuti mankhwala atsopanowa atsike mtengo, zopulumutsa moyo tili nazo kale. Wachialubino azivala chipewa chakhonde ndi malaya a mikono yaitali, azidzola mafuta a SPF 50 ndi kubwereza pakatha maola awiri alionse akakhala padzuwa, ndipo ntchito zakumunda azigwira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Kachigamba kakapezeka msanga, achipatala amangokaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri wa nitrogen, mphindi zochepa zatha. Kachotupa kakang'ono amakachotsa ndi opaleshoni yaing'ono.

Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, ayi ndithu.

Ndipo chilonda chilichonse chomwe chatha mwezi osapola, kaya khungu lanu ndi lakuda bii, kachionetseni ku chipatala cha Domasi. Akaona kuti n'chachikulu adzakutumizani ku Zomba Central. Anthu akhungu lakuda nawonso amadwala khansa ya pakhungu, kawirikawiri kuphazi, pansi pa chikhadabo kapena pachipsera chakale cha moto.

Inu amene muli ndi foni m'manja, mukamapita kumudzi kumapeto kwa mwezi uno, tayang'anani khutu la mng'ono wanu wachialubino, mufunsenso agogo za bala lija amalimanga kansalu pamwendo. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Palibe mankhwala a nano, kaya odula chotani, amene angapose kufika kuchipatala chilonda chikadali chaching'ono.