Nyanja ndi yathu, nanga ndalama za alendo zikulowera kuti?

Wamalonda aliyense amadziwa kuti munthu sakwera minibasi kukagula mchere, koma angathe kuchoka ku Mzuzu mpaka ku Limbe kukaoda mabelo a kaunjika. Akatswiri a jogalafe amati zosangalatsa nazonso zili chimodzimodzi: chilichonse chili ndi mtunda umene munthu amalolera kuyenda kuti akachione. Bawo timasewera pansi pa mtengo wapafupi. Bullets ikamakumana ndi Wanderers, ochemerera amachokera ku Mulanje ndi ku Zomba komwe. Koma tinsomba ta mbuna ta ku Cape Maclear timakoka munthu kuchokera ku Germany. Ndiye kuti katundu wathu wamtengo wapatali ali m'madzi muja. Funso langa ndi lakuti, akudya phindu lake ndani?

Malo amenewa sanayambe dzulo kulandira alendo. David Livingstone ndiye anawatcha Cape Maclear, kutchulira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoni a Livingstonia anakhazikika pomwepo mu 1875, koma malungo anawathamangitsa, nasamukira ku Bandawe mu 1881. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Chaka chomwecho cha 1980, katswiri wina dzina lake Richard Butler analemba kuti malo okopa alendo ali ngati munthu: amabadwa, amakula, amakalamba. Poyamba kumabwera alendo ochepa, aja a zikwama kumsana, ogona paliponse ndi kudya nsima ya kampango kwa mayi wam'mudzi. Eni mudzi amaona mwayi, namanga tizipinda ndi kuyamba kupalasa alendo pa bwato. Mbiri ikafalikira kumafika a ndalama zawo ochokera kutali, kugula malo a m'mbali mwa madzi ndi kumanga malo ogona apamwamba. Kenaka anthu amachuluka, zinyalala zimachuluka, ndipo mlendo amayamba kufunafuna kwina. Apo malowo amafa, kapena amadzuka ngati pali wowasamala. Amene anaona mudzi wa Chembe m'zaka za m'ma 1990 ndi kuuonanso lero anene yekha pamene tafika.

Mfundo imene ikukhudza inu amalonda ndi ya kudontha kwa ndalama. Tangoganizani: mlendo wagula tikiti ya ndege kwawo, walipiriratu malo ogona kudzera pa intaneti, galimoto yomunyamula ndi mafuta ake ndi zochokera kunja, vinyo ndi tchizi amene akudya zachokera ku South Africa. Pa ndalama zonse zimene wawononga, zotsala m'mudzi ndi malipiro a mlonda, a wophika ndi tindalama ta chiboliboli chimodzi chimene wanenerera mpaka wosema kugonja. Tikutunga madzi ndi chidebe chobooka, kenaka n'kumadabwa kuti mtsuko sukudzaza. Ine sindidana ndi mwini hotela wochokera kunja ayi, ntchito amalemba ndithu. Koma tomato, mazira, mpunga wa kilombero ndi mipando ya nsungwi, zimenezinso mpaka kuoda kutali? Akuluakulu amakonda kuwerenga alendo amene alowa m'dziko muno. Bwanji osawerenganso ndalama zimene zagona ku Mangochi?

Ndipo malonda ake ndi a nyengo. Azungu amakonda miyezi yopanda mvula, ife eni dziko timakhamukira kunyanja pa Khrisimasi ndi pa Pasaka basi. Pakatipo wogulitsa ziboliboli amangoyasamula. Mliri wa Covid-19 utatseka malire mu 2020, nyengo yoyasamulayo inakhala chaka chathunthu.

Palinso mlingo wa malo. Bwato lili ndi chiwerengero cha anthu amene lingasenze, gombe nalonso chimodzimodzi. Ofufuza anapeza kuti likodzo linachuluka ku Cape Maclear pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chowedza mopyola muyeso. Nkhonozo ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Mlendo akamva zimenezi amaopa kusambira, pamene mwana wa ku Chembe alibe kwina kosamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mipanda. Mukamayenda m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Salima, mpanda ukatha wina wayamba, ndipo msodzi amazungulira mtunda wautali kufuna pokocheza bwato ndi poyanika usipa wake. Mayi wochapa zovala amathamangitsidwa ndi mlonda amene ndi mwana wa m'mudzi momwemo, nayenso akuteteza ntchito yake. Madzi a m'nyanja atakwera mu 2024 analowa mpaka m'zipinda za malo ogona ambiri amene anamangidwa pamchenga penipeni, pamene kale asodzi ankayanikapo maukonde awo.