Wowerenga Nkhani Amene Anakhala Nduna

Lero tikambe za Mai Dora Siliya, amene nkhope yao munaizolowera madzulo pa wailesi ya kanema.

Maiwa anabadwa m'caka ca 1970, nakulira ku Mufulira, kwanu komwe inu a pa mgodi. M'zaka za m'ma 1990 anali kuwerenga nkhani pa ZNBC, m'nyumba ija ya pa mseu wa Alick Nkhata. Tsono ncito imeneyi iri ndi mphatso imene ndalama sizigula. Wowerenga nkhani alowa m'nyumba zonse, ku Kabwata ndi ku Kabulonga cimodzimodzi, ndipo anthu amkhulupirira asanakomane naye. Pa nthawi ya cisankho, kudziwika kotere ndi cuma.

M'caka ca 2006 anthu a ku Petauke anawasankha kukhala phungu wao m'cipani ca MMD, ndipo mu 2008 anakhala Nduna ya Mtengatenga ndi Mtokoma. Apa mpamene anaponda minga. Mu 2009 bwalo lofufuza linapeza kuti sanatsate uphungu wa loya wamkulu wa Boma pa pangano la kuwerengera mtengo wa Zamtel. Iwo anatula pansi udindo, koma Bwalo Lalikulu linafafaniza ciweruzoco, ndipo Pulezidenti Rupiah Banda anawapatsa Unduna wa Maphunziro.

Koma cimene tifuna kuti mucilingalire cinadza mu 2018. Apo nkuti atalowa cipani ca PF, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anawaika kukhala Nduna ya Zofalitsa Nkhani ndi mneneri wa Boma. Taonani: amene kale anali kupatsidwa pepala kuti awerenge, tsopano mau ao ndiwo analembedwa pa pepalalo, ndipo ZNBC inakhala pansi pa unduna wao. Wina akadayesa kuti atolankhani apeza mbale wao. Ife tiona kuti mpandowo unalemera koposa cibale. M'mwezi wa March 2020 Maiwa analengeza kuti Boma laleka kugwirizana ndi Prime TV ya m'Lusaka, itakana kuulutsa kwaulere mauthenga a matenda a Covid-19. Mwezi wotsatira bungwe la IBA linailanda ciphaso, ndipo wailesiyo inakhala cete.

Ciphasoco cinabwezedwa mu August 2021, cisankho citapita. Pa cisankho comweco Mai Siliya anataya mpando wa Petauke.