Ndalama za Boma kwa Alimi ndi Nsima ya m'Tauni

Lero tikambirane za ndalama zimene Boma lithandiza nazo alimi. Kapena wina ati, "Ine ndilibe munda, mlandu uwu suli wanga." Koma nsima imene mwadya lero inacokera m'munda wa mlimi wa ku Chipata kapena ku Choma.

Thandizoli liyenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndiyo ya fataleza ndi mbeu, imene inayamba m'caka ca 2002, ndipo mu 2009 anaipatsa dzina lakuti FISP. Mlimi wamng'ono apereka gawo lake la ndalama, Boma nililipira zotsalazo. Yaciwiri ndiyo ya msika. Bungwe la Food Reserve Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, ligula cimanga kwa alimi ndi kucisunga kuyembekezera caka ca njala, monga ca 2024 pamene cilala cinaononga minda yambiri.

Akulu akumbukira December 1986. Boma litacotsa ndalama zotsitsira mtengo wa ufa woyera, ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka cipolowe, anthu ena nafa. Pamenepo tinaona kuti munda ndi mgodi zidyera mbale imodzi.

Cobvuta ncakuti fataleza wofika mocedwa sapindulitsa, pakuti cimanga sicidikira munthu. Cotero inu amene muli ndi makolo kumudzi, atumizireni ndalama za gawo lao mvula isanagwe, kuti alandire mbeu pa nthawi yake. Tsalani bwino.