Kamwala Kamodzi M'mimba mwa Jet Ski

Aliyense amene anakachezako ku magombe a Mangochi, ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay m'masiku a tchuthi anaionako njinga yamoto ya pamadzi, imene eni ake amaitcha jet ski, ikung'amba nyanja mwaukali ndi kusiya mzere wa thovu m'mbuyo mwake. Ndipo ambiri mwa oonerera pa mchenga amayesa kuti chombo chamangolomera chotere sichingagonjere kanthu kena, koma mwera wokha. Komatu chimene chimachifoola kawirikawiri si mafunde kapena matanthwe ayi, koma zinthu zonyozeka zimene munthu angaziponde osazizindikira: kamwala, kachigoba ka nkhono, kachidutswa ka ukonde wotayidwa, kapena jumbo imene wina anagulira usipa naiponya m'madzi. Popeza zombo zimenezi zimagulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo pa malo ena ogona alendo ndizo zimadyetsa anyamata oziyang'anira pamodzi ndi mabanja awo, n'koyenera kuti tifatse, tione m'mene vutoli limadzera, ndi chimene munthu wanzeru ayenera kuchita likamugwera.

Nzeru yoyendetsa bwato ndi madzi olavulidwa inakhwimira ku New Zealand, kumene mlimi wina wodziwa za makina, William Hamilton, ankalakalaka kukwera mitsinje ya kwawo, imene ndi yothamanga, yosaya ndi yodzala miyala, kotero kuti pulopela wamba wolendewera kunsi kwa bwato sakanatha kupulumukamo. M'chaka cha 1954 iye anapambana pobisa chopalasira madzi m'mimba mwa bwato, kuti chizimwa madzi ndi kunsi ndi kuwalavula ndi kumbuyo; ndipo mu 1960 mabwato a mtundu umenewu anakwera mtsinje wa Colorado kupyola mu Grand Canyon, ulendo umene kufikira nthawi imeneyo panalibe bwato limene linautha. Pambuyo pake Clayton Jacobson II wa ku America, munthu wokonda njinga zamoto, anaika nzeru yomweyo m'kabwato ka munthu mmodzi. Kampani ya Bombardier ya ku Canada inatulutsa Sea-Doo mu 1968, Kawasaki ya ku Japan inatulutsa Jet Ski mu 1973, ndipo Yamaha inatsatira ndi WaveRunner mu 1986. Maina ndi osiyana, koma mtima umene umaziyendetsa ndi umodzi, ndipo nthenda yake ndi imodzinso.

Kunsi kwa chombo, chakumbuyo, kuli khomo lolowera madzi, lotchingidwa ndi nthiti zachitsulo kuti zinyalala zikuluzikulu zisadutse. Madzi akalowa pamenepo amakwera nakafika pa impeller, ndicho chitsulo chosachita dzimbiri chokhala ndi mapiko opotoka, nthawi zambiri atatu, chimene injini imachizunguza kudzera pa shafiti. Ndipo chombo chikakhala pa liwiro lake lonse, chitsulocho chimazungulira koposa ka 7,000 pa mphindi imodzi. Mapikowo amakankhira madzi pa timakoma tosasuntha timene timawaongola kuti aleke kupota, kenaka madziwo amapanikizidwa potulukira popapatiza, monga amachitira mwana wothirira ndiwo pa dimba akatseka kukamwa kwa paipi ndi chala kuti madzi alumphire patali. Madzi akathamangira kumbuyo, chombo chimathamangira kutsogolo. Chiongolero nachonso sichichita kanthu kena koma kutembenuza potulukira paja. N'chifukwa chake pampu, ndiyo makina onsewa okankha madzi, ikafooka si liwiro lokha limene limatha, komanso mphamvu yokhota msanga popewa bwato la msodzi kapena mutu wa munthu wosambira.

Chinsinsi cha mphamvu yonseyi chagona pa kampata kakang'ono. Impeller imazungulira m'kati mwa mkombero wosalala, umene pa zombo zambiri za Sea-Doo ndi wa pulasitiki yolimba, ndipo pa zambiri za Yamaha ndi Kawasaki ndi wachitsulo; tsono pakati pa m'mphepete mwa phiko ndi mkomberowo pamatsala mpata wosakwana milimita imodzi, kuti madzi okankhidwa asapeze njira yobwerera kumene achokera. Kamwala kakazemba pa nthiti zija ndi kukakamira pa mpata umenewu, phiko limakakoka kuzungulira mkombero wonse kambirimbiri m'kuphethira kwa diso, nikasiya ngalande m'khoma ndi chipsera pa phikolo. Mpata ukakula, kapena mlomo wa phiko ukapindika, madzi sayendanso mwa dongosolo lake: pena ndi pena mphamvu yowapanikiza imachepa kotero kuti amabwata popanda moto, nabala timathovu tosawerengeka, timene pophulika timagogoda chitsulo ndi kuchikumba timaenje. Amakaniko amati imeneyi ndi cavitation. Chomwecho bala limene linayamba ndi kamwala kamodzi limadzikulitsa lokha ulendo uliwonse umene chombo chalowa m'madzi, kufikira chitsulo chimene chikanachira ndi tupa chisanduke cha kudzala.

Nyanja yathu, ngakhale madzi ake ndi oyera ndi opanda mchere wodya zitsulo, ili nazo zokwanira zotsamwitsa pampu. Choyamba ndi mchenga wa m'magombe umene alendo amautama, umene umapala mkombero pang'onopang'ono ndi kutseka timapaipi ta madzi oziziritsa. Pakuti madzi oziziritsa injini, kapena paipi yake yotulutsira utsi, amatungidwa pa pampu yomweyo. M'dzinja mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa imatsanulira m'nyanja timitengo, mapesi ndi mabango. Cha ku Malombe ndi mu Shire kuli namasupuni, amene mizu yake imamatirira pa nthiti ndi kutseka khomo lonse. Ndipo mwera ukaomba m'miyezi yozizira umavundula zonsezi ndi kuziunjika pafupi ndi gombe. Koma choopsa koposa zonse ndi chingwe cha nayiloni, kaya cha ukonde, kaya chokokera osewera pamadzi. Chikangolowa chimakulungika pa shafiti, chimamangika, chimatentha, chimasungunuka mpaka kusanduka chibuma cholimba chimene mpeni umachita kuchisema; ndipo chikafika pa chotsekera chimene chimaletsa madzi pamalo pamene shafiti imapyoza thupi la chombo, madzi amayamba kudzaza m'chipinda cha injini mwiniwake ali pampando, osadziwa kanthu.

Chombo chovulala sichibisa ululu wake. Woyendetsa akachipatsa moto, injini imabangula koma chombo chimangokwawa. Pena thupi lonse limanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi, pena pamamveka kugogoda kunsi kwa mpando, ndipo pena belu lochenjeza za kutentha kwa injini limalira. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, poyesa kuti akaonjezera moto chotsamwacho chilavulidwa, pamene kunena zoona akungochipera pa zitsulo zawo. Lamulo loyamba ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, ndi kuzula kachingwe ka kiyi kamene woyendetsa amamanga pa mkono kapena pa jekete yake yoyandamitsa, pakuti dzanja siliyenera kuyandikira khomo la madzi pamene injini ingathe kulira. Tsitsi lalitali ndi zingwe za zovala nazonso zimakokedwa chimodzimodzi. Ngati ndi udzu kapena jumbo chabe, kawirikawiri zimachoka zokha pampu ikaleka kuyamwa, makamaka munthu akagwedeza chombo uku ndi uku. Zikakanika, asamire pansi pa chombo pakati pa nyanja, ndipo mu Shire, m'mene muli ng'ona ndi mvuu, asaganize n'komwe. Aitane bwato limukokere kumtunda, ndipo likoke pang'onopang'ono, popeza kukoka mothamanga kumatha kukankhira madzi m'mapaipi mpaka kudzaza injini yozima.

Kumtunda ndiko kumafunika mwambi wa makolo uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chombo chikakwezedwa pa ngolo yake, ndipo waya wa batire utachotsedwa, munthu atenge tochi, agwade kumbuyo ndi kuunikira potulukira madzi, kenaka agone chagada ndi kuunikiranso pa nthiti za kunsi. Phiko lamoyo mlomo wake umaoneka wosalala kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Lovulala limaonetsa mano, kapena nsonga yopiringizika imene imanyezimira mosiyana ndi zinzake. Pa mkombero adzaona mizere yozungulira imene chikhadabo chimakodwamo, ndipo pena kamwala kapena kamtengo kadzakhala kali chikhalire pakati pa phiko ndi khoma. Chingwe chidulidwe mofatsa ndi mpeni wakuthwa, kusamala chotsekera madzi chija. Kamtengo kakokedwe ndi pulayala yaitali, kubwerera njira imene kanalowera. Nyundo ndi mpiringidzo zisayandikire, pakuti zimene kamwala kanasiya, izo zimamaliza. Ngati chotsamwacho sichikufikirika, pampu yonse imamasulidwa ndi kumbuyo n'kuikidwa patebulo. Ndipo wofuna kuyesa injini pamtunda akumbukire kuti popanda madzi oziziritsa siyenera kulira kupitirira masekondi owerengeka.

Tsono pafika pogamula mlandu, ndipo apa munthu adziwe malire a manja ake. Tizipsera tating'ono pa mlomo wa phiko, munthu wa dzanja lofatsa angatisalaze ndi tupa, osachotsa chitsulo chambiri, ndiponso osakhudza m'mphepete moyang'anana ndi mkombero, chifukwa chilichonse chopalidwa pamenepo chimakulitsa mpata uja. Koma phiko lopindika si lokonzera pakhonde. Mapiko onse ayenera kupendekeka mofanana ndi kulemera mofanana, pakuti chitsulo chozungulira pa liwiro lotere chikangolemera mbali imodzi, kunjenjemera kwake kumadya mabering'i ndi zotsekera madzi, ndipo ndalama imene mwini anaiumira pa impeller amakailipira kangapo pa pampu yonse. Phiko lotere lipite kwa mmisiri amene ali ndi zoyezera kupendekeka kwake. Ndipo long'aluka kapena lobenthuka kwambiri lisapite kwa wowotcherera zitsulo wa pamsewu, lichotsedwe, pabwere latsopano.

Mkombero wa pulasitiki unapangidwa dala kuti uzilandira mabala m'malo mwa impeller, ndipo kuusintha n'kotchipa poyerekeza ndi zina zonse. Choncho kuika impeller yatsopano mu mkombero wokumbika ndi kutaya ndalama m'madzi. Makaniko wosamala amayeza mpata ndi timalilime tachitsulo toyezera, n'kuyerekeza ndi muyeso wolembedwa m'buku la chombocho. Amamasula impeller ndi chida chake chokwana pa mano a shafiti, osati ndi sipanala iliyonse imene ili pafupi. Ndipo asanatseke amayang'ana mafuta kapena girizi wa m'pampu, pakuti akaoneka otuwa ndiye kuti madzi alowa, ndipo mabering'i sakhalitsa. Zipangizo zimenezi sitipanga kuno, zimachita kuitanitsidwa kunja, ndipo impeller ya chombo china siikwana pa chinzake ngakhale zifanane m'maso. Wogula atchule dzina la chombo, mtundu wake ndi chaka chake. Paja safunsa anadya phula.

Komabe nzeru yoposa zonse ndi kusalola pampu kumwa zosayenera. Mabuku a opanga zombozi amalamula kuti injini isalizidwe pa madzi osaya: ena amati pansi pa chombo pakhale madzi a masentimita 60, ena amati 90, kotero woyendetsa achikankhe kufikira madzi amufike m'chiuno, achigwedeze kuti mchenga wogona m'pampu utsike, ndipo pamenepo alize injini. Pobwera azimitse asanafike pa mchenga, n'kumaliza mtunda wotsalawo ndi manja. Chingwe chokokera chisayandame pafupi ndi chombo injini ikulira. Azungulire patali akaona zoyandamitsa za maukonde, pakuti ukonde umene ungamutsamwitse ndiwo munda wa mnzake, ndipo akaung'amba aononga zinthu ziwiri nthawi imodzi. N'zoona kuti kuyambira mu 2021 zombo zina za Sea-Doo zimabwera ndi makina otembenuza impeller kuti izungulire chobwerera ndi kulavula udzu. Koma makina amenewo sawongola phiko limene mwala walipinda kale.

Tisayese kuti nkhaniyi ndi ya olemera okha ndi zoseweretsa zawo. Zinyalala zimene zimatsamwitsa kapampu ka pagombe ndi zomwezo zimene zimatsika ndi Shire, kudutsa pa Liwonde, n'kukatseka polowera madzi pa malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani, mpaka nyumba zathu kugona mumdima. Ndizonso zimakola mapulopela a asodzi, ndi kudetsa madzi a nsomba za mbuna za ku Cape Maclear, kumene boma linakhazikitsa malo otetezedwa mu 1980, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Chifukwa chake, inu eni zombo ndi anyamata oziyang'anira, mukamva injini ikubangula chombo osayenda, zimitsani msanga, yang'anani mofatsa, ndipo chimene chakukulirani perekani kwa mmisiri wake. Ndipo inu nonse odza kunyanja, kaya kudzasamba, kaya kudzagula nsomba, jumbo ndi chingwe chimene mwabwera nacho, bwererani nacho kwanu.